Kolera siyambira m'cipatala, nanga a zaumoyo tawatsekeranji m'menemo?

Pa pulogalamu ya zaumoyo imene ndimathandizira pa wailesi ya kuno kwathu ku Eastern, Lacinayi lililonse madzulo, pali cinthu cimodzi cimene ndaona kwa zaka zingapo tsopano. Tikaitana dotolo kuti akambe za shuga, za BP kapena za kuwawa kwa msana, foni siipuma. Anthu amaimba mpaka nthawi kutha, ena amatitsatira panja n'kumadandaula kuti sitinawayankhe. Koma tikaitana wa zaumoyo uja amayendera zitsime, zimbudzi ndi misika, amene ku kiliniki amamuchula kuti EHT, foni imangoti zii. Akaimba mmodzi, ndiye kuti ali ndi cakukhosi: mwina anamutsekera butchala, mwina anamutayira nsomba zowola pa msika. Tsiku lina bambo wina anaimba n'kufunsa kuti, "Kodi madotolo atha, kuti mutibweretsere woyang'ana zimbudzi pa wailesi?" Tinaseka mu situdiyo, mlendo wathu nayenso anaseka. Ine kuseka kumene kuja kumandiwawa mpaka lero.

Kumandiwawa cifukwa ca zimene zinacitikira banja lathu mu January 2024. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali kugulitsa salaula mu Lusaka ndipo anali kukhala m'komboni ina, m'kacipinda ka lendi pamodzi ndi anzake awiri. Anayamba kuthulula usiku wa Lolemba. Anzake anati mwina wadya zoipa, anamugulira mapilitsi pa kantemba n'kumusiya agone. Pofika Laciwiri masana maso anali atalowa m'kati, mawu atatha, miyendo ikukokana. Anamwalira mu taxi, asanafike pa geti ya cipatala. Ife tinakwera basi m'mawa mwake, koma tinapeza ataikidwa kale, cifukwa maliro a kolera sacedwetsa. Azakhali sanaone nkhope ya mwana wawo.

Titakhala pa nyumba paja, mayi wina woyandikana nawo anandiuza nkhani imene sindidzaiwala. Anati mvula isanayambe, a zaumoyo anabwera ndi anthu odzipereka a m'deralo, anayang'ana citsime ca pa yadi, anayang'ana cimbudzi cimene cinali masitepe ocepa cabe kucokera pa citsimeco, n'kunena kuti citsime cikwiriridwe. Eni nyumba anakana. Alendi nawonso anakana, cifukwa madzi a pa kiyosiki ndi ogula ndipo mzere wake ndi wautali. Anawakuwiza, wina anawauza kuti akapeze nchito yeniyeni. Patapita miyezi iwiri, anthu omwewo anali kulira maliro.

Ndiye cimene ndifuna kukamba ndi ici. M'dziko muno tasandutsa nchito ya zaumoyo kukhala nchito yodikira odwala. Munthu amene amaciza timamupatsa ulemu, njinga yamoto, mpando wa kutsogolo pa msonkhano. Munthu amene amaletsa matenda asanayambe timamuyesa wovuta, kapena wosaphunzira mokwanira kuti akhale dotolo. Boma limacita zimenezi, makhansolo amacita zimenezi, a zaumoyo ena amadzicitira okha, ndipo ife anthu wamba ndiye patsogolo. Maganizo amenewa akupha anthu, ndipo tili ndi manda otsimikizira.

Tiyeni tikumbutsane zimene tonse tinaona. Kolera si mlendo m'Zambia, yakhala ikubwerabwera kuyambira ca m'ma 1977. Mu October 2017 inabuka mu Lusaka. Anthu oposa 5,000 anadwala, oposa 100 anamwalira. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, asilikali anatumidwa kukayeretsa m'tauni, ogulitsa m'misewu anacotsedwa, ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku, ndipo Heroes Stadium, bwalo la mpira, linasanduka cipatala. Tonse tinati taphunzira. Boma linalemba pulani yothetseratu kolera pofika 2025. Koma mu October 2023 kolera inabwereranso m'makomboni omwe aja, ndipo ulendo uno inalusa kuposa kale lonse: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February. Heroes Stadium inadzazanso mabedi.

Taganizirani manambala amenewo pang'ono. A WHO amanena kuti odwala kolera akalandira thandizo m'nthawi yake, omwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Ife tinataya oposa atatu pa 100 alionse. Ndipo ambiri mwa iwo anafera kunyumba kapena panjira, monga msuweni wanga, aja amene ku cipatala amawalemba kuti BID, kutanthauza kuti afika atafa kale. Dotolo wa ku Heroes Stadium, ngakhale atakhala katswiri cotani, sangacize munthu amene wafera mu taxi. Amene akanapulumutsa munthu ameneyo ndi wa zaumoyo amene akanafika pa khomo lake sabata imodzi m'mbuyomo, n'kumuuza kuti ukaona cimbudzi ca madzi coyera ngati madzi otsukira mpunga usadikire kuce, yamba kumwa Madzi a Moyo pomwepo, ndipo ngati ulibe paketi sakaniza lita imodzi ya madzi aukhondo ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, uzimwa uli panjira yopita ku kiliniki. Mawu amenewa satenga mphindi ziwiri kuwakamba. Anzake a msuweni wanga sanawamvepo.

Sindikunyoza anamwino ndi madotolo amene anagona pa bwalo lija masabata ambiri, akusenza zidebe ndi kubaya madiripu usiku wonse. Anapulumutsa anthu masauzande, ndipo ena mwa iwo anagwira nchitoyo mongodzipereka, osalembedwa n'komwe. Ulemu wawo ndi wowayenera. Koma bwalo la mpira likadzaza odwala, ndiye kuti talephera kale kwina. Kolera imayamba pamene cimbudzi ca munthu cakumana ndi madzi kapena cakudya ca munthu wina. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pa miyala yokhala ndi ming'alu ndi maenje, ndipo m'madera ngati Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, zimbudzi zokumba zimasefukira, zonyansa zimayenda pansi ndi pamwamba pomwe, n'kukalowa m'zitsime zosazama. Anthu ambiri amene atenga kacirombo ka kolera sadwala n'komwe, koma amakatulutsa m'cimbudzi kwa masiku angapo. Zonsezi zimadziwika. Palibe cobisika. Mwezi umene matendawa amayamba timaudziwa, makomboni amene amayambira timawadziwa, ngakhale zitsime zake a zaumoyo a m'maderawo akhoza kukulozerani ndi cala.

Pali nkhani yakale imene amaphunzitsa aliyense wophunzira za umoyo wa anthu. Mu 1854 kolera inapha anthu ambiri m'dera la Soho mu London. Dotolo wina dzina lake John Snow anatuluka, anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo anali kutunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri anali kumwa pa mpopi umodzi wa mu Broad Street. Anakakamba ndi akuluakulu a deralo, ndipo cogwirira ca mpopiwo cinacotsedwa. Munthu ameneyu amakumbukiridwa dziko lonse lapansi cifukwa ca nchito imene kuno kwathu timaiseka kuti ndi yoyang'ana zimbudzi. Anali dotolo, koma anaona kuti malo ake tsiku limenelo ndi pa mpopi.

Kodi m'Zambia tilibe anthu a nchito imeneyi? Tili nawo, ndipo anaphunzira. EHT amatha zaka ku koleji, ena ku Evelyn Hone, ena ku Chainama, kuphunzira kupima madzi, kuyendera malo ophikira ndi ogulitsira zakudya, kuyang'ana nyama isanagulitsidwe, kutsatira kumene matenda acokera, kutsogolera nchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba. Lamulo la Public Health Act limapatsa makhansolo ndi oyendera zaumoyo mphamvu yotseka malo amene aika miyoyo ya anthu pangozi. Kuyambira 2011 boma linayamba kuphunzitsa ma Community Health Assistant ku Ndola, anthu osankhidwa kucokera m'midzi yawo kuti akabwerere komweko. Pa pepala, munthu ameneyu ayenera kukhala masiku anayi pa sabata m'midzi, kuyendera mabanja, ndipo tsiku limodzi cabe pa health post. Tili ndi ma Neighbourhood Health Committee, tili ndi a SMAG amene amaperekeza amayi apakati, tili ndi anthu odzipereka amene amapima malungo pansi pa mtengo. Pamwamba pa onsewa pali Zambia National Public Health Institute, imene nchito yake ndi kulondera matenda ndi kucenjeza dziko. Dongosolo lilipo, ndipo ndi labwino.

Koma pitani pa health post ya kumudzi kwanu Lolemba m'mawa, mudzaone cimene cimacitika. Mudzapeza mzere wa amayi ndi ana kufika pa mtengo wa mango. M'kati muli Community Health Assistant uja, akulemba makhadi, kupima malungo, kugawa Panadol ndi Coartem, cifukwa namwino alipo mmodzi ndipo wagona mocedwa akubeleketsa. Laciwiri cimodzimodzi, Lacitatu cimodzimodzi. Masiku anayi a m'midzi aja amathera pa tebulo. EHT nayenso, m'makiliniki ena akumidzi, amasanduka wogawa mankhwala. Akafuna kupita kukaona mjigo umene anthu akudandaula nawo, amapeza kuti njinga yamoto inafa kalekale, kapena ilipo koma mafuta kulibe, kapena zopimira madzi zinatha. Tinamuphunzitsa kuteteza mudzi wonse, ife tamukhazika pa windo.

Apa ndiye ndili ndi mawu kwa boma. Mu 2022 munalemba nchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo cimeneco cinali cinthu cabwino, palibe angatsutse. Koma kulemba munthu nchito n'kumusiya wopanda mafuta, wopanda klorini, wopanda cipangizo copimira madzi, n'cimodzimodzi kutuma munthu kumunda wopanda khasu. Ndalama za kupewa matenda zimaoneka kolera ikabuka. Pamenepo magalimoto amapezeka, mathanki a madzi amaimikidwa m'makomboni sabata imodzi, zitsime zimakwiriridwa, klorini imagawidwa ulele, katemera amabwera pa ndege. Ngati zinatheka mu January anthu akufa, cinaletsa n'ciani mu September? Thanki imene inaimikidwa maliro atacitika inali yotheka kuimika maliro asanacitike, pa mtengo womwewo. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife sitinakhazikike pa mlingo umenewo, ndipo pa zocepa zimene zilipo, wa kupewa matenda ndiye amadya makombo.

Ndili ndi mawu kwa aphungu, makhansala ndi makomiti a CDF. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Tikuona makalasi atsopano, madesiki, ma health post, nyumba za amayi oyembekezera. Zikomo. Koma ndi kangati pamene komiti inaitana EHT wa m'dera n'kumufunsa kuti, kodi matenda otsegula m'mimba akucokera mudzi uti, ndipo mjigo tiike pati? Iye ali ndi buku lolembamo zimenezi mwezi ndi mwezi. Vuto ndi lakuti nyumba imajambulika bwino, imakhala ndi riboni yodula ndi mwala wolembapo dzina. Mwana amene sanadwale sajambulika. Palibe amene amavina cifukwa cakuti caka cino m'mudzi simunacitike maliro a mwana wothulula. N'cifukwa cake wandale amakonda njerwa kuposa klorini. Ndiponso tisabisane: woyendera zaumoyo akatseka bala kapena malo odyera a munthu wodziwika, foni imalira kucokera kumwamba, ndipo m'mawa mwake malowo atsegulidwa. Akacita zimenezi kawiri katatu, munthu uja amaphunzira kuti kukhala cete ndiye kusunga nchito.

Tsopano kwa inu a zaumoyo eni ake, cifukwa sindikulemba kuti ndikunyengerereni. Ena mwa inu mwazolowera mpando. Kutuluka kupita m'midzi mumakuona ngati cilango, pokhapokha pakhale alawansi. Workshop ikaitanidwa ku loji mumapezeka nonse, koma msonkhano wa kwa a nyakwawa mumatumako wodzipereka amene salandira kalikonse. Ena mumakalipira mayi amene wabwera ndi mwana mocedwa, pamaso pa anthu onse, mpaka mayiyo amalumbira kuti sadzabweranso, ndipo ulendo wotsatira amapita kwa wogulitsa mapilitsi pa msika. Mukamukalipira mwataya mwayi wokhawo umene munali nawo womufunsa kumene amatunga madzi, ngati ali ndi cimbudzi, ngati ana ena kunyumba ali bwino. Mwana mmodzi wothulula ndi uthenga wocokera ku mudzi wonse. Ana atatu ocokera mudzi umodzi sabata imodzi ndi belu. Namwino amene amangopereka zinki ndi Madzi a Moyo n'kuitana wotsatira, osauza EHT, osalemba lipoti, waciza mwanayo koma wasiya citsime cikudikira wina.

Ndipo oyendera zaumoyo ena, tikudziwa, amafika pa msika kudzatenga kanthu kakang'ono n'kutseka maso. Amenewa ndiwo apangitsa kuti anthu aziona yunifomu yanu ngati ya munthu wofuna ciphuphu. Amene mumagwira nchito moona mtima, ndipo mulipo ambiri, musawabise anzanu otere, cifukwa akuonongerani dzina limene mudzalifuna tsiku limene mudzaima pa citsime kupempha anthu kuti akukhulupirireni.

Kukhulupirirana kumeneku ndiye cuma cacikulu ca wa zaumoyo, ndipo sikugulidwa tsiku la mliri. Pa nthawi ya COVID-19 tinamva zonse: katemera ndi wa satana, katemera aletsa kubala, odwala akuwapha ku cipatala. Pa nthawi ya kolera anthu ena anabisa odwala m'nyumba poopa kuti akapita ku Heroes Stadium sabwerako. Kodi munthu wotere angamumasule ndani? Nduna ya pa TV sangamumasule. Angamumasule ndi namwino amene anamubeleketsa mwaulemu, wa zaumoyo amene anakhalapo pa mphasa pa khomo lake, amene amadziwa dzina la mwana wake. Ngati nkhope yako anthu amaiona koyamba tsiku limene wabwera ndi magolovesi ndi thumba la pulasitiki kudzatenga mtembo wa m'bale wawo, usadabwe akakuponya miyala.

Koma mlandu waukulu uli ndi ife. Ife amene timafuna jekeseni, ndipo tikapatsidwa malangizo timati sanatithandize. Ife amene timalandira neti ya udzudzu n'kukachingira dimba kapena kugwirira nsomba. Opopera mankhwala akabwera timakhoma citseko n'kupita kumunda, cifukwa kutulutsa katundu n'kotopetsa, kenako February akafika tili pa mzere ndi mwana wotentha thupi. Pa Child Health Week, pamene katemera, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba abwera pafupi ndi khomo, ena timati tatanganidwa. Kabotolo ka klorini n'kotsika mtengo kuposa botolo la mowa, ndipo nchito yake ndi kuthira m'cigubu n'kudikira mphindi 30, koma timati madzi amanunkha. Pa maliro timasamba m'manja m'beseni imodzi anthu makumi awiri, woyamba kusamba ndi mkulu, womaliza ndi mwana. Wa zaumoyo akati thirirani madzi ndi jagi, ndipo pa maliro a kolera musasambitse mtembo kapena kuphika, timati akunyoza mwambo. Mwambo wathu sunalamulepo kuti maliro amodzi abale maliro ena asanu.

Nafenso a wailesi tili ndi gawo lathu. Timapatsa wa zaumoyo mphindi 30 pa sabata, ndipo nthawi zina timamucotsa ngati pabwera wolipira. Pa mawailesi ambiri mudzamva wogulitsa mankhwala a m'botolo amene amati amaciza shuga, BP, mimba ndi kusabala nthawi imodzi, akulankhula ola lathunthu cifukwa walipira. Timadziwa kuti ndi bodza, koma timati wailesi ifuna ndalama za magetsi. Ine ndakhalapo pa makina ndikukweza mawu a munthu wotere. Sindinganene kuti manja anga ndi oyera.

Ndikudziwa zimene ena adzayankha. Adzati madzi ndi zimbudzi si nchito ya Unduna wa Zaumoyo, ndi nchito ya khansolo ndi makampani a madzi. Zoona, namwino sakumba ngalande ndipo EHT saika mapaipi. Ndipo kunena zoona, alendi aja amene anakana kukwirira citsime sanali opusa: ukauza munthu kuti asamwe madzi awa uyenera kumuonetsa ena amene angakwanitse. Koma ndani amene ali ndi umboni wakuti madzi a dera lakuti akudwalitsa anthu? Ndani amawerenga ana othulula mwezi uliwonse? Ndi wa zaumoyo. Iye ndiye ayenera kuima m'msonkhano wa khansolo, pamaso pa DC ndi a kampani ya madzi, n'kunena kuti mukapanda kubweretsa madzi kuno October asanathe, mudzatipeza tikuika anthu. Mawu a dotolo amalemera m'dziko muno kuposa a munthu wina aliyense. Mabungwe a madotolo ndi a anamwino amadziwa kulankhula mokweza pa nkhani ya malipiro ndi kulembedwa nchito, ndipo ali ndi ufulu wotero. Ndikufuna kuwamva akulankhula mokweza comweco pa nkhani ya zimbudzi za ku Kanyama, mu August, kulibe mliri.

Ena adzati anamwino ndi ocepa, odwala ndi ambiri, ndiye angasiye bwanji mzere n'kupita kukaceza m'midzi? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma yang'anani mzerewo. Muli malungo, kuthulula, cifuwa, ana onyentchera, mtsikana wa zaka 15 ali ndi pakati. Ambiri mwa anthu amenewa sakanakhala pa mzere ngati wina akanafika kwawo msanga. Tikatsekera a zaumoyo onse m'kiliniki cifukwa mzere ndi wautali, mzerewo udzatalikirabe caka ndi caka. Tili ngati munthu amene denga likudontha, ndipo usiku wonse akusinthanitsa mabeseni, koma kukaca safuna kukwera pamwamba cifukwa watopa ndi mabeseni.

Kupewa kumagwira nchito, ndipo umboni tili nawo m'nyumba zathu. Funsani agogo anu za nthomba, matenda amene anali kusiya anthu akhungu ndi a zipsera kumaso. Lero mwana wa sukulu saidziwa, cifukwa anthu a katemera anayenda mudzi ndi mudzi pa dziko lonse mpaka mu 1980 inalengezedwa kuti yatha. Mu 2022 poliyo itapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndiyeno ku Tete, pafupi ndi malire athu, anamwino ndi odzipereka anayenda khomo ndi khomo kuno ndi mabokosi ozizira, kudontheza katemera m'kamwa mwa ana. Palibe amene anawaimbira nyimbo. Ana amene akuthamanga lero ndi miyendo yawo sadzadziwa n'komwe maina a anthu amenewo.

Cimene ndikupempha si cacikulu. Kiliniki iliyonse ikhale ndi masiku odziwika a EHT ndi Community Health Assistant okhala m'midzi ndi m'makomboni, masikuwo alembedwe pa citseko, ndipo mafuta ake asakhudzidwe ndi wina aliyense. Komiti ya CDF isavomereze pulojekiti ya madzi kapena ya zaumoyo isanamve lipoti la wa zaumoyo wa m'deralo. Anthu odzipereka amene akhala zaka akuyenda wapansi alandire kanthu kodziwika, pa nthawi yodziwika. Zitsime zipimidwe mu August ndi September, zotsatira zake ziwerengedwe pa wailesi, dera ndi dera, monga timawerengera mitengo ya cimanga. Ndipo woyendera zaumoyo akatseka malo, wandale amene adzaimba foni achulidwe dzina.

Kumbali yanga, ndapempha kale a manejala kuti kuyambira September mpaka mvula itatha, mphindi khumi zoyamba za pulogalamu yathu zikhale za EHT, sabata iliyonse, kaya foni ilire kaya isalire. Inuyo, sabata ino, pitani pa kiliniki yanu mukafunse dzina la EHT wa dera lanu, ndipo mumufunse kuti madzi amene mumamwa anawapima liti. Akakuuzani kuti alibe mafuta, funso limenelo mulitengere kwa khansala. Akabwera pa yadi panu n'kuloza citsime, mupatseni mpando, mumvetsere mpaka amalize. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Azakhali anga mpaka lero akadali ndi cikwama ca salaula ca mwana wawo, sanacimasule.